Chiliza cha Amayi Anga Chili ndi Chikepe

Kwa Bwana Mkulu,
Hotela ya Mkhudzamitambo,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi. Ine ndine Tobias Gideoni, mlimi wa mtedza wa ku Nsaru. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, choncho mukapeza chilembo chopindika muchikhululukire. Ndalemba chifukwa cha chimwemwe chimene chandigwira kuyambira Lamulungu, pamene ndinamva pa wailesi mbiri ya hotela yanu. Wowulutsayo anati musanamange, pamalopo panali tchire lokhalokha, mokhala njoka ndi afisi. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mmodzi mwa afisiwo ndine, Bwana. Ndinabadwira pomwepo. Pomanga mzinda anatikweza pa lole pamodzi ndi mitondo yathu n'kudzatitula kuno, koma amayi anga, Fanny Nangondo, sanakwere nawo. Anali atagona kale m'manda, patsinde pa mkuyu uja umene lero ukupereka mthunzi poimika magalimoto panu.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha chiliza. Kuno fodya akagulitsidwa, aliyense amamangira manda a makolo ake. A Mathias, anzanga a pa bawo, anamangira amayi awo chiliza cha matailosi, ndipo kuyambira pamenepo ankandifunsa tsiku ndi tsiku kuti changa ndidzamanga liti. Tsopano ndawayankha. Chawo chimalekeza m'mawondo, pamene changa munthu akafuna kuona pamwamba pake chipewa chimagwa. Changa chili ndi mawindo, magetsi, ngakhale chikepe chokweza anthu. A Mathias akuti ndapenga, koma kufunsa kuja asiya.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha anamalira. Tsiku loika amayi kunagwa chimvula, anthu anabwera owerengeka. Inu mwakonza zimenezo. Ndamva kuti azungu, mabwana a masuti ndi akwati omwe amabwera kudzagona pamaliropo, ena mpaka sabata yathunthu, akudya nkhuku. Amayi ankavina chimtali osatopa, inu mwawaikira bandi Loweruka lililonse. Ankayenda mtunda kukatunga madzi ku dambo, inu mwawakumbira dziwe kumiyendo kwawo. Ndi mkamwini uti anachitapo zotere, kodi?

Chachitatu, mundiperekere moni kwa alonda anu. Chaka chatha ndinabwera ndi khasu ndi tsache kudzalambula pamanda monga mwa mwambo. Mlonda anayang'ana nkhwaira zanga n'kundiuza kuti ntchito ya m'maluwa inatha. Nditamufotokozera za amayi, anaitana mnzake kuti naye adzamve, ndipo onse awiri anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenaka anandiperekeza mpaka ku msewu, wina mkono uku wina mkono uku, ngati nduna. Chibadwire sindinaperekezedwepo mwaulemu wotero. Tsache langa linatsala konko. Ligwiritseni ntchito, ndi mphatso yochokera kubanja.

Pali kanthu kamodzi kokha, Bwana, ndipo ndikuchita manyazi kukatchula kwa munthu amene watichitira zazikulu chonchi. Amisiri anu anaiwala kulemba dzina. Pakhoma ndinaona zilembo zagolide, dzina la kampani ndi la amene anadula riboni, koma la mwini chiliza palibe. Tinalipo awiri odziwa pamene anagona, ine ndi mlongo wanga Jane. Jane tinamuika mwezi wa Epulo. Ine maso ayamba kuchita chifunga. Ndikangotsinzina, wowulutsa wanu uja adzakhala kuti ananena zoona.

Choncho ndikupempha modzichepetsa. Mwezi wa Seputembala kuno ndi nyengo yovundukula ziliza, ndipo ife tidzabwera pa lole ndi amayi a Chigwirizano, abusa, mbuzi, ndi a Mathias kuti adzaone okha. Mutibwereke nsalu zoyera za pamabedi anu, tilumikize, tiphimbe hotela yonse kuyambira padenga, abusa adzavundukule. Alendo anu asadandaule, adzadya nafe.

Ngati zimenezi zakula, ndiloleni ndikhome kathabwa pa mkuyu uja. Penti ndi misomali ndibweretsa ndekha. Ndipo ngati dzina la Fanny Nangondo lingasokoneze mbiri yanu yokongolayo, tingolembapo kuti pano pagona fisi wamkazi amene anasiya ana awiri. Akwathu adzadziwa.

Ine wanu wogwadabe,

Tobias Gideoni,
Mwini maliro, Nsaru.