Khutu la Pak Darmaji

Mu mzinda wonse wa Malang munalibe mwini kodok amene sankaopa khutu la Pak Darmaji, kapena titi Bambo Darmaji. Kodok ndi tigalimoto takale tija ta msana ngati wa chule, ta injini kumbuyo yozizira ndi mphepo, ndipo m'kalabu yathu simulowa galimoto ya mtundu wina. Pak Darmaji anaweruza zionetsero zathu zaka makumi awiri ndi zitatu, koma palibe amene anawaonapo akutsegula chivundikiro cha injini. Ankangoti, "Lizani," n'kutsinzina, n'kupendeketsa mutu. Ikakhala kuti galimotoyo anaiika injini yachilendo, imene iwo ankaitcha mtima wobwereka, ankatsegula diso limodzi n'kuloza kuchipata.

Amene ankaona zakuda anali wachiwiri wawo, Mas Harjoko, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ntchito yake inali kunyamula mapepala ndi kupepesa anthu opitikitsidwa.

Koh Liong, dokotala wa mano, anakonza kodok wake zaka ziwiri zathunthu, akupukuta nati iliyonse. Atangoliza, chala chija chinaloza kuchipata.

"Pak, mwamvera masekondi atatu okha!"

"Achuluka, Koh. Galimoto yanu ikuyankhula Chijapani."

"Koma thupi lonseli n'loyambirira!"

"Inu mukamuika munthu mano apulasitiki, mumamutumiza kumpikisano wa mano okongola?"

Chaka chotsatira Koh Liong anabooletsa paipi ya utsi kuti galimoto iziphwetera ngati zinzake. Pak Darmaji anamvetsera, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Chijapani chomwe chija, Koh. Kungoti pano chili ndi chimfine."

Khutulo silinkadziwa tchuthi. Pa ukwati wa mwana wamkazi wa Harjoko, akuchimuna anabwereka kodok woyera, atamukongoletsa ndi maluwa. Pak Darmaji anadzambatuka pampando, mbale ya msuzi wa soto ili m'manja, n'kukaima pakati pa msewu. Akuti banja lisayambe ndi bodza. Akwatiwo anamaliza ulendo pa njinga ya magudumu atatu, ndipo Harjoko anapepesa asewere ake sabata yonse.

Zaka zisanu ndi chimodzi zomaliza Pak Darmaji ankabwera kuchionetsero pa kabaza wa njinga yamoto. Tikawafunsa za kodok wawo wobiriwira uja, ankangoti akupuma. Anatisiya nthawi ya mvula, atangodwala masiku anayi, ndipo uweruzi unagwera Harjoko, amene sanaufunepo n'kamodzi komwe.

Pa chionetsero choyamba chopanda iwo, kodok wobiriwira analowa pachipata, akuyendetsa mkazi wa malemu, Bu Warsini, kamayi kowonda kosaoneka bwino kuseri kwa chiwongolero. Bwalo lonse linatembenukira kuchipata. Sipanafunike khutu la malemu kuti timve kuti muli mtima wobwereka. Ngakhale Koh Liong anasiya kutafuna.

"Mas Harjoko, ndilembeni," anatero Bu Warsini. "Amuna anga apatsa anthu zikho moyo wawo wonse, kwathu kulibe n'chimodzi chomwe. Ankati galimoto ya woweruza siipikisana. Lero si woweruzanso."

Harjoko anatsegula chivundikiro akupemphera kuti makutu amunamiza. Ayi ndithu. Injini ya Chijapani inali phee m'menemo, mapaipi a madzi atayalidwa mwaluso moti munthu n'kuchita nawo nsanje.

"Bu, injiniyi..."

"Anaika okha, atadzitsekera m'galaja. Impso zanga zitafooka, tinkatsikira kuchipatala katatu pa sabata. Pobwerera, yakale ija inkatizimira pachitunda cha ku Batu, ine ndili thapsa kumbuyo. Tsiku lina anachita kundibereka kumsana mpaka pamthunzi. M'mawa mwake anaichotsa. Analira ngati akuika maliro, koma kuyambira pamenepo sitinachedwepo kuchipatala. Pali vuto, Mas?"

Vuto linalipo, lolembedwa ndi dzanja la malemu pamwamba pa pepala limene Harjoko anagwira: lamulo loyamba la kalabu, loti galimoto ya mtima wobwereka siipikisana. Koma galimotoyo inaposa zonse pabwalopo, zimenezo ngakhale wakhungu akanavomera. Kupereka chikho kunali kulavulira anthu onse amene malemu anawapitikitsa. Kukana kunali kupitikitsa mayi wamasiye pamodzi ndi injini imene inamusunga ndi moyo.

"Apatseni, Mas, musachite mantha!" anakuwa Koh Liong, misozi ili mbwe.

"Inu khalani chete, Koh, mukungodzitsegulira njira!" anayankha wina.

"Lamulo analemba okha!"

"Anaphwanyanso okha!"

Phokoso litakula, Harjoko anatembenukira kumanzere monga mwa chizolowezi, pakamwa atatsegula kale kuti afunse kuti Pak, titani pamenepa. Anangoona mpando wopanda munthu. Anapempha sabata imodzi yoti akaganize.

Papita zionetsero zitatu tsopano. Chikho chili m'kabati kwa Harjoko, ndipo munthuyo waonda. Komiti yakumana kasanu, tiyi wathera pamenepo, mfundo osaoneka. Pachipata sapitikitsanso munthu. A mitima yobwereka amalowa mwaufulu, n'kuima pakati pa bwalo, koma nkhope zawo zimakhala ngati abwera pamaliro. Koh Liong amailiza galimoto yake mokweza dala, n'kuyang'ana uku ndi uku, palibe womunyoza. Amazimitsa n'kukakhala yekha pansi pa mtengo. Kunena zoona, tonsefe tikusowa kutukwanidwa kuja.

Bu Warsini sajomba. Amaimika kodok wobiriwira, n'kukhala pambali pake ndi ambulera mpaka anthu atayamba kubalalika. Ulendo wathawu anachita kuyendera ndodo pofika pa tebulo la oweruza.

"Lero bwanji, Mas Harjoko?"

"Tikukambiranabe, Bu."

"Musachedwe, Mas. Ndikufuna ndikawauze ndekha amuna anga."