Kumanja kwa Amalume Kunayera

Anthu inu, madokotala akanangong'amba mutu wa amalume poyera, bwenzi pano ndikuperekera zakudya ku loji nditamanga tayi.

Amalume ndi khukhi pa loji ina ku Senga Bay, ndipo anandilonjeza ntchito yoperekera zakudyayo nditangolemba mayeso a Folomu 4. Koma maso awo anali atayamba zachilendo. Kutsogolo ankaona bwinobwino, m'mbali monse mdima. Minibasi yodzaza ikanaima pambali pawo, kondakitala akukuwa, iwo osaiona. Kuchipatala anapeza chotupa pansi pa ubongo, chikupanikiza mitsempha ya maso.

Chisoni ndinamva (zoona, ndinalira ndowa ziwiri), koma ndinatulukiranso kuti ukakhala pambali pawo nthawi yakudya, mbale yawo ya ndiwo imasanduka ya tonse.

Anapita ku opaleshoni. Pobwerako, tsitsi lonse lili m'mutu, chipsera palibe. Akuti madokotala anadzera m'mphuno ndi kachubu ka kamera n'kuchotsa chotupacho. Ine ndinauza aliyense mpaka ku Lifuwu kuti amalume awapusitsa, angowatokosa mamina basi. Ubongo angaufike bwanji osatsegula mutu?

Ndiye Loweruka lina anzawo akuntchito anabwera kudzawazonda atanyamula chambo chowotcha, chachikulu ngati chitseko. Atangotsanzika, ndinakhala pamalo anga akale, kumanja. Ndinayamba ndi kamchira. Amalume phee, maso kutsogolo. Ndinasunthira pamimba. Phee. Mtima unakula, mpaka ndinkavinitsa mapewa uku ndikutafuna (pepani, ndinawatulutsiranso lilime). Kenako ndinatambasulira dzanja kumutu wa chambo, mutu womwe amalume sagawira munthu, ngakhale abusa.

Anandigwira pamkono osatembenuka n'komwe.

“Mphwanga, ndakuonera kuyambira kumchira.”

“Ndimakuchotserani minga, malume.”

“Mingayo ndi imene wanenepa nayo masayayo?”

Mayi anga, amene ankaonerera, anaseka mpaka kukhala pansi. Amalume anafotokoza kuti kumanjako kunayera patangopita masiku ochepa, koma anangokhala chete kuti aone mmene ndizidzasamalira mbale za alendo. Akuti aona, ndipo akhutira.

Ntchito anandipezeradi pa loji pomwepo, yosesa mchenga, kutali kwambiri ndi khitchini.

Adokotala akuti kumanzere kudakali nkhungu, mwina kuyera pang'onopang'ono, mwina kukhala choncho. Ndimawapempherera tsiku lililonse kuti achire, ndithu. Koma mpando wanga ndausamutsira kumanzere.