Chitini cha a Lezala

Mumsewu wathu munalibe munthu wodana ndi mawu ochuluka ngati a Lezala. Ankakhala pakhonde la sitolo ya zolembera ndi taipilaita yawo yakale, ndipo pambali pake pankakhala lezala, cholembera chofiira ndi chitini cha mkaka. Ukabwera ndi kalata ya Chingerezi yoti akutaipire, ankayamba aiwerenga akupukusa mutu ngati akuona mwana wodwala. Kenako mawu aliwonse opanda ntchito ankawacheka ndi lezala lija, kapepalako n'kuponya m'chitini. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale.

Za mpatuliro ndiye musachite kunena. Kachizindikiro kakang'ono kaja, kooneka ngati kamchira, iwo ankakalemekeza kuposa apongozi awo. Ankati anthufe timangokawaza ngati mchere. Tsiku lina wometa tsitsi anawapeza atakwera pampando ndi kaburashi, akuika mipatuliro pachikwangwani chake.

"Bambo, mukundiwonongera chikwangwani."

"Ndikuchichiza. Gwirani mpandowu ndingagwe."

Wometayo anagwiradi mpando.

Telala wa pakona naye analemba kalata ya chikondi, masamba asanu ndi limodzi, yopita kwa mphunzitsi wa Chingerezi. A Lezala atafika tsamba lachiwiri anavula magalasi.

"Mukufuna kumukwatira kapena kumugoneka tulo?"

"Kumukwatira."

"Ndiye muuzeni zimenezo."

Telala anatuluka ndi mzere umodzi, akudandaula ngati waberedwa. Lero iye ndi aphunzitsi aja ali ndi ana atatu.

Ine ndinkaseka nawo mpaka linandifikira tsiku langa. Ndinali dalaivala pakampani ina yonyamula katundu. Mabuleki anakana pamtsetse, galimoto n'kukagunda mpanda. Anandiimitsa ntchito, amvekere ngati ndili ndi chonena ndilembe m'Chingerezi sabata isanathe. Kunyumba kunali ana anayi, ndipo kunena zoona ndinachita mantha. Ndinakhuthula Chingerezi chonse cha kusukulu mpaka masamba anayi anadzaza.

A Lezala anawerenga mwakachetechete.

"A dalaivala, apa mwapepesa kasanu ndi kawiri. Munalakwa chiyani?"

"Palibe, bambo. Za mabuleki ndinawauza katatu, zinalembedwa m'buku la kugalaja."

"Nanga zimenezo mwaziika pati?"

"Tsamba lachinayi, m'munsi."

"Bwana wake uti amene angafike tsamba lachinayi?"

Lezala linayamba ntchito. Moni wanga wautali analowa m'chitini, mbiri ya banja langa inalowa m'chitini. Atafika pamzere umene ndinalemba kuti ndikugwada pamapazi awo andichitire chifundo, ndinawagwira dzanja.

"Amenewo asiyeni, bambo. Mabwana amakonda zimenezo."

"Mukagwada aziti munalakwadi. Chotsani dzanja ndingakuchekeni."

Panatsala ziganizo zitatu. Choyamba chinkatchula masiku atatu amene ndinanena za mabuleki, ndipo pakati pa masikuwo anaika mipatuliro mosamala, chala chimodzi chokha pa taipilaita. Anati pampatuliro uliwonse bwana adzaima pang'ono, ndipo pakuimapo adzachita manyazi. Chachiwiri chinkanena kumene kuli bukulo. Chachitatu chinkapempha ntchito yanga, basi.

Ndinachoka nditakwiya. Mayi a kunyumba atakaona kapepalako anandifunsa ngati masamba ena ndawataya m'njira. Koma nthawi inali itatha, ndinakapereka momwemo.

Tsiku lokaonekera, bwana wamkulu anawerenga kalata ija mokweza pamaso pa anzake. Ndikulumbira, anaimadi pa tsiku loyamba, anaima pa lachiwiri, ndipo pa lachitatu anacheukira mkulu wa kugalaja n'kuitanitsa buku. Lolemba lake makiyi anali m'manja mwanga. Ndinayendetsa galimoto zaka zina khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ana onse anamaliza sukulu. Nditapita kukathokoza, a Lezala anandidula pakamwa nditangonena zikomo, ati mawu amenewo akwanira.

Anatisiya chaka chatha. Pamaliro abusa analalikira ola ndi theka, ndipo ife a mumsewu tinkangoyang'ana bokosi, kudikira kuti mwina mutuluka dzanja logwira lezala.

Patapita sabata mwana wawo wamkazi anabwera pakhonde paja ndi zitini khumi ndi chimodzi zimene anazipeza pansi pa bedi. Timapepala ta munthu aliyense a Lezala anali atatimanga ndi kaulusi, dzina pamwamba. Telala anapeza chikondi chake chonse chili chikhalire, anawerenga tikuseka mpaka misozi. Ine nditamasula kamtolo kanga ndinaona mzere uja wogwada, m'zilembo zanga zomwe, ndipo kuseka kunandithera pomwepo.

Pakhonde paja pano pali makina a fotokope. Amakubwezera chilichonse chimene wawapatsa, ndi mantha ako omwe, osafunsa ngati unalakwa. Chikwangwani cha wometa chikufufutika, koma iye akukana kuchipentanso. Timanyadira kuti tinali ndi munthu wotere, ndipo timamusowa.

Mwana wawo uja anandifunsa ngati timapepala tangato nditenga.

"Ayi, mwanangu," ndinatero, ndikutibwezera m'chitini. "Amenewa bambo ako anandichotsera. Sindinawafunenso."