Keke Imene Apongozi Anabereka Kumsana

Mukadzandiona pa ukwati ndakhala mpando wakumbuyo, manja ndapinda, osakhudza ngakhale duwa limodzi la patebulo, musadzaganize kuti ndadwala. Ndinadziletsa ndekha. Chinandiphunzitsa ulemu ndi keke, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamalo pamene akuphika keke ndimayenda mofulumira.

Ine ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Mulanje, koma ntchito inandiponya kuno ku Mchinji. Mnzanga wapamtima pasukulu pathu ndi Tadala, mtsikana wofatsa woti ngakhale ana ovuta m'kalasi amamumvera chisoni. Atapeza mwamuna, Yamikani, woyendetsa mathiraki opita ku Zambia, kwawo ku Mkanda, komiti ya ukwati inandisankha kuyang'anira zokongoletsa. (Kunena zoona sanandisankhe. Ndinaimirira ndi foni m'manja n'kuyamba kuonetsa zithunzi mpaka onse anatopa n'kuvomera.)

Foni yangayo inali yodzaza ndi maukwati a anthu amene sindikuwadziwa, a m'mayiko amene sindidzafikako. Koma chimene chinandilowa m'mutu chinali chithunzi chimodzi: makeke asanu oyera, iliyonse pa kathebulo kakekake, motsetsereka ngati masitepe, iliyonse itamangidwa riboni yapepo. Ndinalumbira kuti Tadala adzakhala ndi zimenezi.

Ndinali ndi chifukwa china. Pa chinkhoswe, azakhali ake a Yamikani, mayi a pakamwa posatseka, anamuyang'ana Tadala kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuuza oyandikana nawo, mawu osatsitsa n'komwe, kuti, "Atsikana a paboma awa n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Tadala anamva. Tsiku lotsatira anabwera kusukulu maso ali ofiira. Ine zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinati azakhali amenewa tidzawatseka pakamwa ndi keke.

Vuto linali bajeti. Wa holo anali atadya gawo lake, wa zoimbira lake, wojambula lake, ophika awo. Zimene zinatsalira keke zinali zochititsa manyazi. Ndinapita nazo choncho kwa Mayi Zulu, amene amaphika makeke kufupi ndi boda ya Zambia, ndipo Chinyanja chawo n'cha tsidya lina.

"Manje imwe ba Madamu, izi ni za makeke atatu chabe," anatero atayang'ana chithunzi changa. "Koma osadandaula. Atatu tipanga eniyeni: yodula, ya makolo a mkazi, ya makolo a mwamuna. Awiri enawo tipanga ongoonetsa."

Ongoonetsawo amawapanga ndi zoyera zopepuka zija zimateteza wailesi yakanema yatsopano m'katoni. Amazidula mozungulira, n'kupaka shuga pamwamba ngati keke yeniyeni. Ndinaomba m'manja. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama ngati nzeruyo inali yanga.

M'mawa wa tsiku la ukwati, anthu ali kutchalitchi, Mayi Zulu anabweretsa makekewo kuholo n'kuwayika okha pamalo pake. Anali okongola moti simukanasiyanitsa. Asanachoke anandikokera pambali.

"Muvetsetse. Ya riboni yagolide ni yeniyeni. Ya riboni yoyera ni yabodza. Musasokoneze."

"Sindine mwana, Mayi Zulu," ndinawayankha.

Atangotuluka, ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana tebulo lonse, kenako n'kuyang'ana foni. Pachithunzi mariboni onse anali apepo. Madiresi a operekeza anali apepo, nsalu za pamipando zapepo, ngakhale tayi ya mkwati yapepo. Golide ndi zoyera zikufuna chiyani pamenepa? M'chikwama mwanga munali riboni yapepo yotsala. Ndinamasula mariboni onse asanu n'kumanga anga, ndikudziuza kuti ndikumbuka: yoyamba, yachitatu ndi yachinayi. Kapena yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi. (Pamenepa munthu wanzeru akanangonyamula iliyonse kuti amve kulemera. Ine ndinali kalikiliki kujambula ntchito ya manja anga.)

Madyerero anayamba bwino. Operekeza anavina polowa, perekaniperekani anatentha, ndipo aliyense wolowa amayamba waima kutsogolo kwa makeke anga. Ndinaona azakhali aja akuwawerenga ndi chala. Mtima wanga unali mbee.

Nthawi yodula keke itakwana, ine ndinaima pambali pa tebulo ngati mwini ukwati. Ndinaloza yoyamba. Mpeni unalowa bwinobwino, anthu n'kululutira. Ndinaloza ina, Yamikani anainyamula n'kukagwada nayo kwa makolo a Tadala, ndipo mmene amayendera zinaoneka kuti ikulemera. Apa ndinadzikhulupirira kotheratu. Woyendetsa mwambo atanena kuti tsopano mkwatibwi akathokoze apongozi ake, ndinaloza keke ina mosayang'ana kawiri.

Tadala anaika mphamvu ngati akunyamula ndowa yodzaza madzi. Manja ake anangoti pwa m'mwamba, keke inatsala pang'ono kumugunda pachibwano. Anandiyang'ana. Sindidzaiwala maso amenewo. Nyimbo inali itayamba kale, wojambula ali patsogolo pake, anthu aimirira. Kubwerera kunalibe. Anayamba kuvina pang'onopang'ono kulowera kumene kunakhala akuchimuna, atanyamula chinthu chopanda kanthu m'kati, kukachipereka kwa apongozi, pamaso pa azakhali aja amene ananena kuti iye ndi mkuyu wa nyerere.

Ndinalakalaka magetsi atazima, koma tsiku limenelo, mwa masiku onse, anakana kuzima.

Mayi ake a Yamikani ndi aNaphiri, mlimi wa mtedza, mayi aafupi, osalankhulalankhula. Ndinali ndisanawamvepo akunena mawu oposa moni. Tadala anagwada pamaso pawo n'kutambasula manja, mutu ataweramitsa. ANaphiri analandira. Ndinaona ndithu manja awo akudabwa. Anayang'ana kekeyo, n'kuyang'ana mpongozi wawo amene milomo inali ikunjenjemera. Kenako anadzandira ngati agwa, n'kuitsamiritsa pamaondo.

"Mwanawe, wandipatsa keke kapena thumba la mtedza?" anatero mokweza. "Ufuna undithyole msana usanalowe n'komwe m'nyumba?"

Holo yonse inafa ndi kuseka. ANaphiri anaimirira movutikira, n'kuisenza pamutu atagwirizira ndi manja awiri, khosi ataliumitsa ngati munthu wochokera kuchigayo, n'kuvina nayo mozungulira Tadala. Mwana wawo Yamikani anafuna kuwalandira, iwo anamukankha ndi chigongono.

Ndinayamba kupuma. Koma azakhali anali asanathe.

"Mlamu, bweretsani kuno tidule," anatero akutulutsa kampeni m'chikwama. (Munthu wopita ku ukwati ndi mpeni wakewake, mumuganizire nokha.) "Tilawe ngati za paboma zimakoma m'kati momwe."

"Iyi siidulidwa pano," anayankha aNaphiri.

"Tachokera kutali ife. Ana awa sanalaweko."

"Wagwadira ine. Ndikadya kwathu, tsiku limene ndafuna."

Achibale anayamba kung'ung'udza. Ndinamva wina akuti aNaphiri sitinawadziwe kuti ndi aumbombo chonchi, wina akuti mwana akangokwatira mphunzitsi mayi amayamba matama. Iwo anamva zonsezo, nkhope osasintha. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kukulunga keke ija, n'kuibereka kumsana ngati khanda. Anakhala nayo choncho mpaka ukwati kutha, ndipo aliyense woyandikira amamuuza kuti asadzutse mwana.

Pamene anthu amaseka za mwanayo, ine ndinanyamula makeke awiri otsala aja mmodzimmodzi, chinthu chimene ndikanachita m'mawa. Ina inali yopepuka, ina yolemera. Yolemerayo ndinaibisa pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu yanga yapepo.

Kutacha, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Mkanda, keke ili m'katoni pamiyendo. Msewu wake mukuudziwa. Pofika, mbali imodzi inali itaphwanyika, ine fumbi mpaka m'nsidze. Ndinawapeza aNaphiri pakhonde akusenda mtedza. Ndinagwada, ndipo mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa.

"Amayi, wolakwa ndine. Tadala samadziwa chilichonse."

"Ndinadziwa," anatero osasiya kusenda. "Munthu wodziwa sanjenjemera chomwe chija. Ndiye inu ndi aja a mariboni?"

Ndinavomera. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndinawafunsa chifukwa chake analolera kutchedwa aumbombo pamaso pa abale awo onse.

"Ine andinena zambiri m'mudzi muno, ndipo ndikadali pano," anatero. "Koma mwana uja akanalowa m'banja ndi dzina limenelo, akanakalamba nalo. Adzukulu anga akanamatchedwa ana a keke yabodza."

Anatumiza uthenga kwa abale kuti mtima wawo wafewa, abwere adzalawe. Azakhali anafika oyamba, ndi kampeni kawo. Anadya chidutswa chachikulu, n'kupempha china, n'kunena kuti yaphwanyika chifukwa mlamu wawo anaibereka ngati mwana, koma kukoma kokha ikukoma. Ine ndinakhala pakona ngati mlendo wodutsa, ndikutafuna mtedza.

Potsanzika ndinanong'oneza aNaphiri kuti andipatse yabodza ija ndikataye kutali, isadzaoneke. Anandilowetsa m'nyumba. Inali m'kabati yagalasi, pakati pa makapu a alendo, riboni yanga yapepo ili pomwepo.

"Iyi siichoka," anatero. "Imene mwabweretsayi tadya, yatha. Koma mpongozi wanga anandigwadira ndi iyi."

Ndinabwerera ku boma ndili chete, wa kabaza mpaka anafunsa ngati kunali maliro. Tadala anandikhululukira, ngakhale kuti akafuna kundiseka amangonyamula kope mwamphamvu ngati likulemera. Akuti abale akafunsa za keke ya m'kabati, aNaphiri amati imeneyo ndi yosungira chikumbutso, ndipo makiyi amayenda nawo m'chiuno.

Zithunzi zija sindinafufute, ndisaname. Mwezi watha mphunzitsi wina anandiuza kuti akukwatiwa, ndipo dzanja langa linapita lokha ku foni. Ndinalibweza. Ndamuuza kuti ine andiike ku komiti yotsuka mbale, ndipo ngati akufuna malangizo a ukwati, asayang'ane keke, ayambe wayang'ana apongozi.