Kabati ya Mandasi pa Chiromo

Amene akuti ndimanama asendere pafupi, asakamve za m'maluwa. Inu ogula mandasi m'timabokosi toti mbuzi ikayetsemula tagwa, mungadziwe chiyani za kabati?

Masiku aja ofunsana khadi ya chipani pachipata cha msika, akazi anga, mayi a Fatsani, ankagulitsa mandasi pasiteshoni ya Chiromo, pa katebulo ka miyendo ngati ya kakowa. Sitima ikangoima, anthu onse kuthamangira fungo, katebulo gubudu, mandasi m'fumbi, agalu kukhuta. Tsiku lina anandiuza chapansipansi kuti mandasi akadzagwanso, iwo ulendo kwawo ku Ndamera, ndipo ndisakawalondole. Mayi amenewo sabwereza mawu.

Ndinathamangira kwa kalipentala wina wochokera ku Mozambiki. Anali ndi makabati awiri, ina yagalasi yophanipha, ina ya mtengo wa tsanya, yakuda bii, yachimimba. Aliyense ankati nditenge yagalasi, ine ndinangoitsokomolera, iyo n'kuyamba kunjenjemera. Ya tsanya ija ndinaikhwirizira nkhunzi ya pangolo, nkhunzi inabwerera m'mbuyo, kudzaigunda ndi mphamvu zonse, nyanga kuthyoka, kabati osamva n'komwe. Mukumva? Kukula kwake, tinathiramo mandasi a ufa wa sitolo yonse koma pansi pankaonekabe, ndipo mlonda wa njanji amene anagweramo akusuzumira tinadzamupeza mwezi wotsatira atanenepa, yunifomu itang'ambika.

Ndiye kunabwera madzi. Mukudziwa Ruo akakwiya amakankha Shire mpaka kubwerera kumtunda? M'mawa umenewo ine ndinali kumunda, ndikumva anthu akukuwa kuti siteshoni yamira, ndipo mayi a Fatsani ali konko. Ndinalanda mwadiya wa msodzi, nkhafi kulibe, ndinapalasa ndi khasu, madenga akundidutsa, nkhuku zili pamwamba, ng'ona zikundipatsa njira poona nkhope yanga, ine ndikungoti Mulungu wanga, kabati yomwe ndinasankha ndekha yandiphera mkazi.

Nditafika, abale, ndinalira ngati mwana. Kabati ili chilili pomwe ndinaiika, mtsinje utagawika pawiri kuizungulira, mvuu ili pambali ikusisita chotupa pamphumi, woyendetsa sitima atamangirira sitima yake yonse kumwendo wa kabatiyo kuti isakokoloke. Pamwamba pake pali mayi a Fatsani, ouma ndi chitenje chomwe, akugulitsa mandasi kwa anthu a m'mabwato.

Ndinakwera, ndinawagwira dzanja, ndinafunsa ngati za ku Ndamera zija zikadalipo. Anandiyang'ana ndi diso lakuthwa.

"Bambo a Fatsani, silinagwe ndi limodzi lomwe. Tapukutani m'maso, mukuthawitsa ogula."

Aa, mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo, mpaka lero sunadzukenso.

Mukuseka chiyani? Mukufuna kuiona? Inamera mizu, pano ndi mtengo, ukafika mwezi wa mvula umanunkhira mafuta okazingira. Chokhacho, musakafunse mayi a Fatsani. Iwo amati chinali chibokosi cha sopo chimene ndinaikamo mwala pansi, ndipo madziwo ankalekeza m'mawondo. Alekeni anene, ukalamba. Koma ku Ndamerako anapita? Si awo akhala apowo, akundiyang'ana ndi diso lomwe lija?