Gama ndi Apongozi Anga

Lolemba
Uthenga wafika: apongozi akubwera Lamulungu kuchokera ku Masambanjati kudzaonera vidiyo ya ukwati wathu. Tsiku la ukwatilo anali chigonere m'chipatala ku Makwasa, mwana wawo sanamuone atavala velo. Mkazi wanga Esinati akusesa mpaka kudenga. Vuto ndi TV yathu yogula kwa munthu. Ndayika tepi m'deki: diresi likuoneka, keke ikuoneka, koma nkhope zonse bii, mano okhaokha akuyandama. Ndamuuza Esinati asadandaule. Ine wodzutsa mamota a fakitale ya tiyi ndingagonje ndi kabokosi?

Lachiwiri
Ndapotokola batani la kuwala mpaka kumapeto. Zonse mbuu ngati chiperoni m'munda wa tiyi. Nditaweruka ndathamangira ku Boma kwa Che Jafali okonza mawailesi. Akuti matendawa dzina lake ndi gama: chubu cha TV chimapondereza malo akuda, ndiye pamafunika kaseketi ka magetsi kokweza zakudazo osakhudza zoyera. Andijambulira pa katoni ya sopo. Gama! Mu minibasi ndikungolitchula ndekha, mayi wina mpaka wasintha mpando. Mtima uli dyokodyoko.

Lachitatu
Zofunika: madayodi awiri, maresisita, thiranzisita. Zonse ndazula mu wailesi yakufa ya achimwene. Iwo akuti sinafe, imangofuna mabatire. Chabwino, pano yafa. Ndawotcherera pa thebulo lodyera, nsalu yapathebulo yabooka, ndaikapo mbale ya shuga. Kufakitale ndalengeza kuti Lamulungu kwathu kuli filimu yooneka nkhope. Akapitawo a othyola tiyi akuti abwera ndi banja lonse.

Lachinayi
Ndalumikiza. Nkhope zatuluka zonse! Kungoti zoyera ngati zagwera mu ufa, diresi lakuda bii, abusa ngati mzukwa. Thiranzisita yatembenuza chithunzi. Esinati: "Mayi anga abwere ulendo wonsewo kudzaonera maliro anga?" Wakadzitsekera kuchipinda. Sakumvetsa kuti apa ntchito yapita patsogolo. Dzulo nkhope kunalibe, lero zilipo.

Lachisanu
Ndikupikisana ndi dzuwa, Sabata isanalowe. Ndawonjezera thiranzisita ina yoti itembenuzenso, iyi yochokera mu wailesi ya Esinati, sanadziwebe. Kautsi pang'ono, fungo la tayala. Diresi layeranso, ndipo nkhope imodzi yatuluka bwinobwino: yanga! Tsiku lija ndinadzola mafuta osaumira, kuphatikiza thukuta, ndiye ikung'anima ngati poto watsopano. Esinati mkati mwa velo akadali mumdima. Kwangotsala kusintha resisita imodzi basi. Ndikuti nditenge chowotcherera, Esinati wazula pulagi. "Dzuwa lalowa, bambo."

Sabata
TV yafunditsidwa chitenje. Ulaliki sindinamvepo kanthu, m'mutu muli resisita. Manja akuyabwa, ndawakhalira. Madzulo Sabata yatuluka, magetsi nawo atuluka.

Lamulungu
Magetsi afika limodzi ndi apongozi. Nthawi yokonza palibe, nyumba yadzaza, ana a akapitawo ali pawindo. Ine ndakhala pakhonde, paja kwathu kuno mkamwini sapenyana ndi apongozi ake. Ndikusuzumira pakhomo.

Tepi yayamba. Nkhope yanga yadzaza galasi lonse, ikumwetulira, ikuwayang'ana apongozi m'maso mwenimweni. Iwo msangamsanga atembenukira kukhoma, chitenje kumaso. "Akachokapo mundiuze."

Ndichokapo bwanji? Ukwati ndi wanga. Pomwe pali Esinati ndili pomwepo: pakhomo la tchalitchi, pa malonjezo, pa perekaniperekani. Esinati akungoti, "Akadalipo, mayi." Ukwati wonse aumva ndi makutu. Atembenuka kamodzi kokha, pomwe wojambula analoza keke.

Akwera minibasi ya masana. Esinati akulira mwakachetechete kukhitchini, ine manyazi andigwira mpaka kuphazi. Apongozi andipatsira uthenga kudzera mwa mwana wawo: keke inali yokongola kwambiri.