Nkhumba Inalira Pakati pa Pemphero

Unkhoswe anandilanda Loweruka masana ku Nathenje, pansi pa mtengo wa mango. Ndifotokoza ndekha, chifukwa amene akufalitsa nkhaniyi akuwonjezera zawo, pomwe ine chibadwire sindinanamepo.

Limbani, mwana wa mlongo wanga, amakonza njinga pa msika wa Mitundu. Mkazi wake Nachisale analongedza katundu n'kubwerera kwa makolo ake ku Nathenje. Mlandu sunali wa chibwenzi kapena mowa ayi. Unali wa foni. Akuti mwamunayo amadya maso ali pa foni, amatsuka m'kamwa maso ali pa foni, ndipo tsiku limene Nachisale anamuuza kuti ndi woyembekezera, iye anayankha osadzutsa mutu kuti, "Ikani pompo, ndiona ndikamaliza." (Izi n'zoona. Mwini wake sanakane.)

Ine monga malume ake komanso nkhoswe yake, ntchito yanga inali yokapepesa kuti mkaziyo abwerere. Ndinavala jekete yopitira ku tchalitchi, ine ndi Limbani tinakwera njinga yamoto, ndipo njira yonse ndinkamukalipira m'khutu mpaka woyendetsa njingayo anayamba kupepesa nawo.

Kuchikazi tinapeza amayi ake a Nachisale ndi nkhoswe yake, a Mbewe, mkulu wa mpingo wotchuka ndi mapemphero aatali. Tsiku lina anadalitsa nkhuku yowotcha mpaka inameranso nthenga. Ndinalipo.

Pofuna kuonetsa ukulu, ndinapempha lichero. Ndinalamula kuti aliyense aikemo foni yake mpaka nkhani ithe. Ndinayamba ndine, kuponyamo kafoni kanga ka mabatani, onse akuona. Foni yaikulu inatsala m'thumba la m'kati mwa jekete. (Si chinyengo chimenecho. Palibe anandifunsa kuti ndili ndi mafoni angati.)

Kenako ndinalankhula. Ndinamuuza Limbani kuti foni siphika, foni sibereka, foni sidzamulira pa maliro ake. Amayi aja ankangogwedeza mutu. Limbani anagwada n'kupepesa, Nachisale anapukuta misozi, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama chake. Banja linali litabwerera m'manja mwanga. Chinatsala ndi pemphero lotsekera basi.

Tsono vuto linali ili. Kuyambira m'mawa, pa gulu lathu la alimi a fodya la pa foni panali kanema wa nkhumba yomwe inadula zingwe pa njinga n'kuthawira m'nyumba yometera tsitsi pa Mitundu. Aliyense ankaseka, kupatula ine, chifukwa kwathu netiweki timaipeza titakwera pa chulu. Koma ku Nathenje netiweki ndi yonenepa. A Mbewe atangoti titsinzine, foni inanjenjemera pachifuwa panga. Ndinadziwa kuti nkhumba yafika.

A Mbewe anayambira kwa Adamu. Ndinapirira. Atafika kwa Abrahamu, diso langa lamanzere linatseguka lokha. Pamene ankapempherera odwala a ku chipatala cha Nkhoma, wodi ndi wodi, dzanja langa linali kale m'jekete. Ndinangofuna kuona pang'ono, osati kumva. Ndinaiwala kuti dzulo lake ndinkamvera nyimbo za kwaya kudimba, mawu nditakweza mpaka kumapeto.

Nkhumba ija inalira.

Inalira moti nkhumba za m'makola a mudzi wonse zinayankha. Ndinadina paliponse, foni inapulumuka m'manja n'kukagwera pamapazi a a Mbewe, ikulirabe, munthu wina m'kanemamo akukuwa kuti aigwire mwendo, aigwire mwendo. A Mbewe anati ameni ali pakati pa wodi ya ana. Akuti m'moyo wawo sanadulepo pemphero, ngakhale tsiku limene denga la tchalitchi linasasuka.

Onse anayang'ana foni, anayang'ana lichero, kenako anayang'ana ine. Mwina zikanakonzeka. Ndinali nditayamba kale kufotokoza kuti Satana amagwira ntchito modabwitsa. Koma Limbani, akadali chogwada pomwepo, anasendera pafupi nane n'kunong'ona mokweza kuti, "Amalume, munditumizireko imeneyo."

Nachisale ananyamula chikwama chake mwaulemu, n'kubwerera nacho kukaima pakhomo.

"Amalume, ine ndimayesa ndi khalidwe chabe," anatero. "Kani n'zakumtundu."

A Mbewe anatola foni ija ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, anandipatsa, n'kunena modekha kuti akuchimuna adzabwerenso tsiku lina ndi munthu wina. Abale anasankha mng'ono wanga amene alibe foni, ndipo Nachisale anabwerera kwa mwamuna wake patatha masabata awiri. Pa mwambowo ine sanandiitane.

Koma tibwerere ku Loweruka lija. Pofika kunyumba ndinapeza nkhani itandidutsa kale pa njira. Mayi a kunyumba kwanga, Nangozo, anandilandira jekete bwinobwino, anandipatsa madzi akumwa, kenako anati ndisapite kutali kumapeto kwa mwezi, chifukwa aitana ankhoswe athu.

Ndinafunsa kuti mlandu wake ndi wotani.

"Ndinakuuzani Lachiwiri lija, bambo a Chisomo," anatero. "Ndipo munavomera."

Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinavomera. Ndafufuza m'mauthenga onse a Lachiwiri, mulibemo.